Mayi wa m'galimoto ya atsibweni akuti chiyani?

Atsibweni anga adagula Sienta chaka chija soya adachita mtengo. Adaphatikiza ndalama za soya, za ng'ombe ziwiri ndi ngongole ya ku banki mkhonde, n'kupereka kwa mnyamata wina wa m'tauni amene amaitanitsira anthu magalimoto ku Japan. Patatha miyezi itatu galimoto idalowa pa Songwe, ndipo kuyambira pamenepo yakhala ikunyamula anthu, matumba a mtedza ndi nkhuku pakati pa kwathu ku Chiwamba ndi mumzinda wa Lilongwe. Ukangoiliza, pamamveka mawu a mzimayi kuchokera pansi pa chiwongolero. Amayankhula mofatsa, mwaulemu, kachiganizo kamodzi komweko tsiku ndi tsiku. Agogo amamuyankha. Akakwera popita kuchipatala amati, "Tadzuka bwino, kaya inu amayi."

Tchuthi chapitachi atsibweni adandiitana pansi pa mtengo wa mango pomwe amaimika galimotoyo. Adailiza, mayi uja n'kuyankhula. "Mphwanga, iwe ndiwe wa ku yunivesite. Tatiuza, akuti chiyani mayiyu?" Ndidawapempha kuti alizenso. Ndidapendeketsa mutu ngati ndikumvapo kanthu. Zaka zitatu ndikuphunzira za ziyankhulo, koma pamenepo ndidali mbuli yofanana ndi mbuzi yomwe inkadya makoko a mango pambali pathu. Ndidajambula mawuwo pa foni, ndipo usiku, netiweki itabwera, ndidapeza yankho. Mayiyo sapereka moni. Amadandaula kuti khadi yolipirira misewu sinalowetsedwe m'kamakina kake. Ku Japan misewu ikuluikulu ndi yolipira, ndipo magalimoto amakhala ndi kachipangizo kotchedwa ETC kamene kamalipira galimoto ikungodutsa osaima. Nditawauza m'mawa mwake, atsibweni adaseka mpaka kugwira bondo. "Ndiye kuti nakonso kuli Chingeni!"

Kuseka kudatha pomwe adatulutsa pepala lina m'kabokosi ka kutsogolo. Lidali kope la pepala la ku okushoni ya ku Japan, lomwe woyendera magalimoto amalemba galimoto isanagulitsidwe. Pamakhala chithunzi cha galimoto yoyalidwa ngati chikopa cha mbuzi, ndipo apa ndi apo pali zizindikiro: A ndi pokandika, U ndi pomwe chitsulo chidalowa m'kati, XX ndi pomwe adachotsa chitsulo n'kuikapo china. Pakona ya m'mwamba pamakhala giredi. Galimoto yabwino imapatsidwa 4, 4.5 kapena 5. Ya atsibweni idali ndi chilembo R. Mnyamata uja adawauza kuti R akutanthauza kuti chiwongolero chili kumanja. Zoona zake n'zakuti R amapatsa galimoto imene idachitapo ngozi yaikulu n'kukonzedwa. Apa mpomwe tidamvetsa chifukwa chomwe Sienta imadyera matayala a mbali imodzi miyezi inayi iliyonse. Zonse zidalembedwa poyera, ndi dzanja la munthu woona mtima wa ku Japan. Padangosowa wowerenga.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuyang'anitsitsa. Imani pa depoti ya Lilongwe kapena pa Kanengo muone maminibasi. Ambiri akadali ndi zilembo za kwawo m'mbali: ina idali ya sukulu ya mkaka, ina ya hotela, ina ya kampani yokonza mipope. Wailesi ya m'magalimoto amenewa imathera pa 90, chifukwa ku Japan mawailesi a FM adaikidwa pakati pa 76 ndi 90, ndiye mwini galimoto amagula kachipangizo kowonjezera kuti amve mawailesi a kuno. Mabatani a pa dashibodi timawadziwa mwa kungodina, monga mwana amadziwira kuti moto umaotcha. Kupatula Chingerezi, sindikuona chiyankhulo chakunja chimene munthu wa ku Chiwamba amakumana nacho kawirikawiri kuposa Chijapani. Koma nditatsegula mndandanda wa makosi a pa yunivesite yomwe ndimaphunzira, sindidachipezemo, ngakhale monga kosi yongowonjezera. Ndiye ndidayamba kufunsa funso lomwe ndikadafunsa ndili chaka choyamba: kodi amasankha ndani ziyankhulo zomwe timaphunzira, ndipo amazisankhiranji?

Amalawi oyamba kumva Chijapani mochuluka sadachimve m'kalasi. Adachimva m'nkhalango za ku Burma mu 1944. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland adali m'gulu la 11th East African Division lomwe lidapirikitsa asilikali a Japan m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula, m'matope ndi malungo, mpaka kukafika pa mtsinje wa Chindwin kumapeto kwa chaka chimenecho. M'magulu a ku Nyasaland malamulo ankaperekedwa m'Chinyanja, ndipo maofesala achizungu ankayenera kuchiphunzira. Choncho m'nkhalango imodzi munkamveka Chinyanja mbali ino, Chijapani mbali inayo, ndipo chilichonse chofunika kudutsa pakati, kaya ndi pepala lotoledwa m'thumba la msilikali wakufa kaya mawu a mkaidi, chinkadzera m'Chingerezi. Papita zaka 80 ndipo njira ikadali yomweyo.

Nkhondo yomweyo ndi imene idakakamiza Britain ndi America kuika Chijapani pa masilabasi awo mwachangu. Japan itaukira Pearl Harbor ndi Malaya mu Disembala 1941, zidaonekera poyera kuti odziwa kuwerenga Chijapani m'maiko awiriwa adali ochepa zedi. Mu 1942 sukulu ya SOAS ya ku London idayamba kuphunzitsa mwaphuma anyamata ongotuluka kusekondale, ku Bedford kudatsegulidwa kosi ya miyezi isanu ndi umodzi ya omasulira mauthenga achinsinsi, ndipo asilikali a pamadzi a America adakhazikitsa sukulu yawo ku Boulder, Colorado. Palibe amene ankaganiza za ndakatulo. Ankafuna anthu owerenga makalata a mdani. Komabe mwa anyamata a ku Boulder mudatuluka Donald Keene ndi Edward Seidensticker, omwe nkhondo itatha adakhala akatswiri omasulira mabuku a Chijapani. Seidensticker ndi amene adaika m'Chingerezi Snow Country, buku la Kawabata Yasunari, ndipo mu 1968 Kawabata adakhala Mjapani woyamba kulandira mphotho ya Nobel ya zolembalemba. M'zaka za m'ma 1980 chuma cha Japan chitafika pachimake, makalasi adadzazanso, ndipo mayeso a JLPT oyesa alendo luso la Chijapani adayamba mu 1984. Chuma chija chitaima, madipatimenti ena adatsekedwa, monga ya ku Durham mu 2007. Lero amene akudzaza makalasiwo ndi ana okulira pa anime ndi manga. Poyamba idali nkhondo, kenako ndalama, tsopano makatuni.

Kwathu kuno silabasi ya ziyankhulo yakhala ikutsata mtima wa munthu mmodzi kapena thumba la wothandiza mmodzi. University of Malawi idakhazikitsidwa mu 1964, idayamba kuphunzitsa ku Chichiri mu 1965, ndipo Chancellor College idasamukira ku Zomba mu 1973. Chingerezi chidali mwini nyumba. Chifalansa chidalowa monga chidalowera m'masukulu onse otengera dongosolo la ku Britain, ngakhale kuti palibe dziko lochita nafe malire lomwe limachiyankhula. Mpaka lero mwana akhoza kulemba Chifalansa pa mayeso a MSCE, koma osati Chipwitikizi cha ku Mozambique, dziko lotizinga mbali zitatu.

Ndiye pali Kamuzu. Ambiri timaiwala kuti asanakhale Ngwazi adagwirapo ntchito ya ziyankhulo. Ali wophunzira ku Chicago, ndi iye amene ankayankha mafunso a Mark Hanna Watkins polemba galamala ya Chichewa yomwe idatuluka mu 1937, ndipo mu 1946 iye ndi T. Cullen Young adamasulira nkhani za olemba achinyanja n'kuzisindikiza m'buku la Our African Way of Life. Atatenga boma, msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party wa mu 1968 udasintha dzina la Chinyanja kukhala Chichewa, n'kuchikweza kukhala chiyankhulo cha dziko pambali pa Chingerezi, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ndi m'masukulu. Mu 1972 kudabadwa Chichewa Board, ndipo ku Chancellor College kudakhala dipatimenti ya Chichewa ndi maphunziro a ziyankhulo. Munthu yemweyo ndi amene adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, komwe Chilatini ndi Chigiriki zidali zokakamiza ndipo Chichewa chidalibe malo m'kalasi. Chaka chotsatira yunivesite nayo idakhazikitsa dipatimenti ya Classics. Amene adaiyambitsa ndi Caroline Alexander, mayi yemwe mu 2015 adatulutsa Iliad ya Homer m'Chingerezi. Ndimaseka ndekha ndikaganiza kuti Zomba idasungapo mmodzi mwa omasulira odziwika a nthawi yathu ino, koma ntchito yomwe adamuitanira idali yotilowetsa ife m'Chigiriki, osati yotulutsa Homer m'Chichewa.

Matipate atabwera zinthu zidatembenukanso. Chitumbuka chidabwerera pa wailesi mu 1994. Chichewa Board idathetsedwa, m'malo mwake mu 1996 kudakhazikitsidwa Centre for Language Studies yoyang'anira ziyankhulo zonse za m'dziko muno, ndipo dipatimenti ya ku Zomba ija idasanduka ya ziyankhulo za mu Africa. Kumapeto kwa 2007 boma la Bingu wa Mutharika lidasiya Taiwan n'kugwirana chanza ndi China, ndipo sipadapite zaka zambiri tidaona Confucius Institute ikuphunzitsa Chitchaina. Mu Epulo 2019 John Magufuli adabwera kudzacheza, ndipo tidamva kuti Chiswahili chilowa m'masukulu. Mukuona momwe zimakhalira: ndege ya mtsogoleri ikatera ku Lumbadzi, chiyankhulo chake chimayamba kugogoda pa silabasi. Pakati pa zonsezi lamulo la maphunziro la mu 2013 lidanena kuti Chingerezi ndicho chophunzitsira kuyambira Sitandade 1.

Japan ndi mlendo wa mtundu wina m'mbiri imeneyi. Bwalo la ndege la ku Lumbadzi lomwelo lidamangidwa ndi thandizo la ngongole ya ku Japan, ndipo ndi Japan yomwe idalikuza ntchito itatha mu 2019. Pali sikimu ya mthirira ya Bwanje, koleji ya aphunzitsi ya Nalikule, magetsi a Tedzani IV, ndi ndondomeko ya mudzi umodzi malonda amodzi yomwe tidatengera ku chigawo cha Oita mu 2003. Koma chachikulu chomwe adatitumizira ndi anthu. Kuyambira 1971 achinyamata odzipereka a ku Japan akhala akubwera kudzaphunzitsa masamu ndi sayansi, kugwira ntchito m'zipatala ndi kukonza makina. Apitirira 1,800, ndipo palibe dziko lina padziko lonse lomwe lalandira ochuluka chotero. Amafika n'kuyamba kuphunzira Chichewa kapena Chitumbuka. Amene adabwerera kwawo adakhazikitsa bungwe la Malawi Society of Japan, kalata yawo ya nkhani amaitcha Kwacha, ndipo adasindikiza dikishonale ya Chichewa yothandiza anzawo obwera pambuyo. Taganizani: ku Tokyo kuli anthu aimvi omwe angakulonjereni kuti "Mwaswera bwanji?" n'kukufunsani ngati mvula yagwa bwino ku Kasungu. Ife mbali yathu tili ndi "arigato" ndi mayina a magalimoto. Ngakhale anzathu opita kukachita masitazi ku Japan kudzera mu ABE Initiative, yomwe idalengezedwa mu 2013, amakaphunzira m'Chingerezi. Sikuti mu Africa sizitheka: yunivesite ya Cairo ili ndi dipatimenti ya Chijapani kuyambira 1974.

Chomwe chidandigwira mtima kwambiri powerenga ndi mbiri ya Ajapani eni ake, chifukwa nawonso adakhalapo pansi pa mtengo atagwira pepala lomwe sangathe kuwerenga. Kwa zaka zoposa 200 dziko lawo lidali lotseka, ndipo azungu okhawo ololedwa kuchita malonda adali Adatchi, pa kachilumba ka Dejima ku Nagasaki. Kutanthauzira idali ntchito ya mabanja owerengeka, yosiyirana bambo ndi mwana ngati ufumu wa Angoni. Mu 1771 madokotala awiri, Sugita Genpaku ndi Maeno Ryotaku, adakaonerera kutumbula mtembo wa munthu wophedwa pa mlandu ku Edo, mzinda womwe lero ndi Tokyo, atanyamula buku la Chidatchi la ziwalo za thupi. Adaona kuti zithunzi za m'bukulo zikugwirizana ndi zomwe maso awo akuona, pomwe mabuku achitchaina omwe adaphunzira adali kutali ndi choonadi. Tsiku lotsatira adayamba kulimasulira, opanda dikishonale yeniyeni, Maeno yekha akudziwako mawu ochepa a Chidatchi. Lidatuluka mu 1774 ndi dzina loti Kaitai Shinsho. Pomwe Chijapani chidalibe mawu, adapanga. Liwu loti shinkei, lotanthauza mitsempha yotumiza mauthenga m'thupi, lidabadwira m'buku limeneli, ndipo dokotala aliyense wa ku Japan akuligwiritsabe ntchito.

Kenako kudabwera kusintha kwa silabasi komwe ndimakukonda kuposa kwina kulikonse. Fukuzawa Yukichi adatha zaka akuvutika ndi Chidatchi, ndipo mu 1858 adatsegula kasukulu kophunzitsa chiyankhulocho ku Edo. Chaka chotsatira adayenda kukaona doko latsopano la Yokohama, komwe alendo adali atayamba kumanga masitolo. Adapeza kuti sangawerenge zikwangwani. Zidali m'Chingerezi. Sadadikire komiti. Adabwerera n'kuyamba Chingerezi kuchokera pa chiyambi, sukulu yake idasiya Chidatchi, ndipo lero ndi Keio University. Nkhope ya mphunzitsi ndi womasulira ameneyu idakhala pa ndalama yaikulu ya dzikolo, 10,000 yen, kuyambira 1984 mpaka 2024.

Boma nalo lidachita mbali yake. Mu 1856, patangotha zaka zitatu zombo zankhondo za Matthew Perry wa ku America zitafika kudzakakamiza Japan kutsegula madoko, lidakhazikitsa ofesi yomasulira mabuku akunja yotchedwa Bansho Shirabesho. Ofesi imeneyi ndi imodzi mwa mizu ya University of Tokyo, yomwe idatsegulidwa mu 1877. Imvani bwino pamenepa: yunivesite yawo yaikulu idaphukira pa ofesi ya omasulira. Poyamba maphunziro ambiri kumeneko ankaperekedwa m'Chingerezi ndi m'Chijeremani ndi aphunzitsi olembedwa ganyu kunja. Padali ngakhale maganizo otaya Chijapani. Mu 1872 Mori Arinori, yemwe pambuyo pake adadzakhala nduna yoyamba ya maphunziro, adalembera kalata William Dwight Whitney, katswiri wa ziyankhulo wa ku Yale, kufunsa ngati dziko lake lingatenge Chingerezi chofewetsedwa kukhala chiyankhulo chake. Whitney adamulangiza kuti asatero. Njira yomwe idapambana idali yomasulira. Nakamura Masanao adamasulira On Liberty ya John Stuart Mill mu 1872. Nishi Amane adapanga liwu loti tetsugaku la filosofi. Mawu monga shakai, gulu la anthu okhala pamodzi, ndi kagaku, sayansi, adakhazikika m'zaka zomwezo, ndipo ambiri mwa mawu otere adabwerekedwa ndi Atchaina ndi Akoreya. Pofika zaka za m'ma 1880 aphunzitsi achijapani adayamba kulowa m'malo mwa alendo, akuphunzitsa m'chiyankhulo chawo. Woyendera galimoto uja adalemba pepala la atsibweni m'Chijapani chifukwa cha chisankho chimenecho. Chiyankhulo chake chili ndi liwu la chitsulo chilichonse.

Sindikufuna kukometsa nkhani mopyola. Japan sidalamulidwepo ndi atsamunda, idali ndi anthu ambiri odziwa kuwerenga kale, ndipo kukweza Chijapani chimodzi kudapondereza ziyankhulo za anthu a Ainu ndi a ku Okinawa, kenako chidakakamizidwa pa Akoreya ndi anthu a ku Taiwan. Amene kwawo ndi ku Rumphi kapena ku Mzimba akudziwa fungo la zimenezi. Komabe mfundo imodzi ndi yosatsutsika: ankaphunzira ziyankhulo za alendo kuti adzaze nkhokwe ya kwawo.

Nafenso tili ndi mbiri ya kumasulira, kungoti sitiiwerengera. William Murray ndi anzake achizungu ndi achikuda adatha zaka zambiri pa Buku Lopatulika lomwe lidatuluka mu 1922, ndipo Chichewa chomwe timalemba lero chili ndi zala zawo. Nthondo wa Samuel Ntara adadziwika kunja atamasuliridwa kuti Man of Africa mu 1934. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika idagwedeza boma chifukwa idawerengedwa m'matchalitchi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Ikadangokhala m'Chingerezi bwenzi itathera m'manja mwa ochepa. Mawu monga ufulu wachibadwidwe, kachilombo ndi katemera wina wake adawaganizira kapena kuwapatsa ntchito yatsopano. Koma tikafika pa maphunziro, kumasulira timakuona ngati chinthu chomwe aliyense wokhoza Chingerezi pa MSCE angachite. Pitani kukhoti mumve momwe mlandu wa munthu umadalira pakamwa pa wotanthauzira. Werengani timapepala ta mabungwe tomwe adangodula Chingerezi liwu ndi liwu mpaka Chichewa chake kusamveka. Malamulo oyendetsera dziko amafuna kuti phungu azidziwa Chingerezi, koma safuna kuti zomwe akukambirana zifike m'chiyankhulo cha omwe adamuvotera.

N'chifukwa chake ndikamva za maphunziro omasulira pakati pa Chijapani ndi Chingerezi, omwe ndi ofala m'mayunivesite a ku Britain, America ndi Australia, ndimaona kuti kwa ife ndi mlatho wothera pakati pa mtsinje. Perry atabweranso mu 1854, zokambirana zake ndi Ajapani zinkachoka m'Chingerezi kupita m'Chidatchi, kenako m'Chijapani, n'kubwereranso njira yomweyo. Ife ndi momwe tilili lero, Chingerezi chili pa malo a Chidatchi. Ndipo zomwe zimatayika panjira n'zambiri, chifukwa pali zina zomwe Chichewa ndi Chijapani zimagwirizana pomwe Chingerezi chili mlendo. Mavawelo ndi asanu omwewo, a, e, i, o, u. Maphatikizo ambiri amathera pa vawelo, ndiye tikabwereka liwu timalipinda mofanana: ife tebulo iwo teeburu, ife supuni iwo supuun, ife basi iwo basu. Onse sitilimbana ndi kusiyanitsa l ndi r. Ife timati mkulu wanga ndi mng'ono wanga, iwo ani ndi otooto, pomwe Mngerezi amangowaphatikiza onse m'liwu limodzi. Ife sitingatchule munthu wamkulu popanda a- kutsogolo, iwo popanda -san kumapeto, ndipo mneni amasintha molingana ndi yemwe ukuyankhula naye. Ife pakakhala chete timati kuli zii, iwo amati shiin. Womasulira wa Chingerezi akafika pa mawu otere amatuluka thukuta. Mwana wa ku Chiwamba akhoza kungowoloka.

Mnzanga wina wa ku hositelo, yemwe amaphunzira za chuma, adandiseka nditamufotokozera zonsezi. Mfundo zake si zopepuka. Chijapani n'chovuta: sukulu ya akazembe a America imawerengera maola 2,200 a m'kalasi kuti woyankhula Chingerezi achidziwe bwino, pomwe Chifalansa sichipitirira maola 750. Kupatula zilembo 46 za hiragana ndi 46 za katakana, pali zilembo za kanji 2,136 zomwe munthu wamba amayenera kudziwa. Ntchito za omasulira Chijapani m'Malawi muno mukhoza kuziwerenga ndi zala. Mayunivesite athu akusowa mipando ndi mabuku. Ndipo foni imamasulira yaulere. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014. Ndidamuvomereza pa mfundo imodzi: digiri yathunthu ya Chijapani panopa ingakhale fakitale ya malova. Pa za foni sindidamuvomereze. Ndidayesa ndekha pa pepala la atsibweni. Zosindikizidwa idaziwerenga, koma ndemanga zolemba pamanja, momwe muli nkhani yeniyeni ya galimoto, idatulutsa zamkutu. Ndipo foni siingakuuze kuti uyang'ane pakona iti ngati sukudziwa kuti pakonapo pali kanthu.

Chomwe ndikadakonda kuona ndi digiri ya kumasulira ndi kutanthauzira yomwe mathero ake ndi Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi zinzake, osati Chingerezi chokha. M'kati mwake wophunzira asankhe chiyankhulo chimodzi chakunja chochokerako: Chipwitikizi, Chiswahili, Chitchaina, Chifalansa kapena Chijapani. Cha Chijapanicho chisayambe ndi ndakatulo za m'nyumba ya mfumu. Chiyambe ndi zomwe zili kale pa msewu wa M1. Ophunzira khumi pachaka ndi okwanira. Aphunzitsi oyambira alipo: Amalawi omwe adakhalako ku Japan n'kuchigwira chiyankhulocho, ndi achinyamata odzipereka aja, omwe pazaka 50 tawapempha masamu ndi sayansi koma chiyankhulo chawo ayi. Polojekiti ya chaka chomaliza isakhale chimbuku chokafera m'laibulale. Wina amasulire zizindikiro zonse za pepala la ku okushoni, wina machenjezo a pa dashibodi, wina kabuku ka pampu ya mthirira, ndipo ntchitoyo ikaperekedwe kwa ophunzira umakaniko ku Lilongwe Technical College ndi kwa amakaniko a pansi pa mitengo ku Biwi ndi ku Mchesi. Kumeneko mawu ambiri adapangidwa kale pakamwa, akungodikira wowalemba. Ndipo ngati mwa khumiwo mudzatuluke mmodzi wopenga ndi mabuku, wofuna kuika Kawabata m'Chichewa osadzera ku London, kumbukirani kuti Seidensticker naye adayamba ndi mapepala a asilikali.

Mayunivesite athu angosinthidwa kumene. Bunda idachoka mu 2012, ndipo pa 4 Meyi 2021 University of Malawi idagawidwa patatu. Masilabasi akhala akulembedwanso. Pa misonkhano yotere pamakhala a boma, olemba anthu ntchito ndi othandiza akunja. Mwini Sienta saitanidwa.

Atsibweni akufuna kugulitsa galimoto ija soya akachitanso mtengo, agule ina. Ndawauza kuti asapereke ngakhale tambala pepala la ku okushoni lisanafike pa foni yanga. Hiragana ndaloweza, katakana ndili pakati. Ndikudziwa tsopano kuti chaka cha galimoto amachiwerenga potsata ufumu wa mfumu yawo, ndipo pakalembedwa H22 ndiye kuti Heisei 22, uwonjezere 1988 upeze 2010. Ndikudziwanso kabokosi kofunsa ngati galimoto idakonzedwapo pambuyo pa ngozi, komwe woyendera amazunguliza chimodzi mwa zilembo ziwiri: 有, kutanthauza kuti eya, kapena 無, kutanthauza kuti ayi. Ndazilemba pa chikuto cha kope langa la manotsi kuti ndisazisokoneze. Za khadi yolipirira misewu tidagwirizana kuti agogo tisawauze. Lachiwiri lapitali adakweranso kupita kuchipatala, ndipo atamuyankha moni mayi uja adamufunsanso za ana kunyumba.